Tisanagule madroni olondera malire, tiyambe tawerenga mabatire

Ikangomveka nkhani yoti chimanga chawoloka usiku kulowera ku Chipata, kapena kuti njovu yapezeka itafa m'nkhalango ya Kasungu minyanga atazula, mawu amene amatsatira ndi amodzimodzi: boma ligule madroni, tindege touluka popanda munthu m'kati, asilikali aziona malire onse kuchokera m'mwamba. Ganizoli ndikuligwirizana nalo, koma theka lokha. Maso a m'mwamba tikuwafunadi kuno kumadzulo, kuyambira ku Mkanda mpaka kumtunda kwa Chulu. Chomwe ndikukana ndi dongosolo lomwe timagulira zida m'dziko muno, lomwe limaika ndalama zonse pa tsiku lolandira katundu, tsiku la nduna ndi makamera, n'kusiya masiku otsatira opanda ngakhale tambala. Ndalama yoyamba ipite ku batire, sipeya, wailesi ndi munthu wokonza. Ndege ibwere pambuyo.

Mtengo wa chizolowezi chimenechi tidauona kale. Pa 10 Juni 2024 ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228 idagwa m'nkhalango ya Chikangawa, n'kupha wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko Dr Saulos Chilima ndi anthu ena asanu ndi atatu. Idapezeka tsiku lotsatira. Ndege yotere imanyamula kachipangizo kotchedwa ELT, komwe ndege ikamenya pansi mwamphamvu kamadziyatsa kokha n'kuyamba kulengeza pomwe ili. Akatswiri a bungwe la BFU la ku Germany, omwe adafufuza ngoziyi, adalemba kuti batire la kachipangizoka lidatha nthawi yake mu 2004. Komanso chiyambire Febuluwale 2009 masatelayiti othandiza kusaka anthu adaleka kumvera zida zakale za 121.5 MHz, amamvera za 406 MHz zokha. Batirelo si limene lidagwetsa ndege, ndipo wina asandimve molakwa. Koma kanthu kotchipa poyerekeza ndi ndege yonse kadakhala zaka 20 osasinthidwa, pomwe batire la ELT limasinthidwa pakatha zaka zisanu kapena kuposerapo pang'ono. Droni ili ndi tinthu totere tambiri, ndipo timatha msanga kuposa pamenepo.

Tiwerenge. Droni ya mapulopela anayi, yonyamulika m'chikwama, pa bokosi pake amalemba kuti imauluka mphindi 40 kapena 45. Nambala imeneyo amaipeza kopanda mphepo, batire lili latsopano. Kuthengo, kamera ikuyaka, mphepo ikuwomba, ndipo woyendetsa wasiya 20 peresenti ya moto kuti ndege ibwerere bwino, yembekezani mphindi 25. Pa liwiro la makilomita 36 pa ola, mphindi 25 ndi makilomita 15, kutanthauza makilomita 7 kupita ndi 7 kubwera, osaima paliponse kuti muyang'anitsitse. Nkhalango ya Kasungu yokha ndi yoposa masikweya kilomita 2,000.

Tsono wina anene kuti droni ikhale m'mwamba usiku wonse, maola khumi. Ndi maulendo 24. Batire likatsika limakhala lotentha, silitchajidwa mpaka lizizire kwa mphindi 20 kapena 30, kenako limafuna ola limodzi kapena kuposa kuti lidzaze. Kuti ndege isadikire, pafunika mabatire asanu ndi atatu, ndipo lililonse lizungulira katatu usiku umodzi. Batire la lithium la droni limayamba kufooka likatchajidwa maulendo pafupifupi 200. Gawani 200 ndi 3: mausiku 67. Pakatha miyezi iwiri ndi sabata imodzi, mabatire onse asanu ndi atatu atopa, ndipo ameneyo ndi droni imodzi pa malo amodzi. Mabatirewa sapangidwa kuno, amagulidwa ndi madola, ndipo kwacha idagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi mu Novembala 2023. Amene akulonjeza kulondera malire onse usiku wonse ndi madroni ang'onoang'ono sadachite samu imeneyi.

Mabatire ambiri safika n'komwe pa 200, amaphedwa ndi kasungidwe. M'kati mwa batire muli timagawo tosunga moto totchedwa maselo, ndipo selo iliyonse ikadzaza imakhala pa 4.2V. Batire loti likhala masiku osagwira ntchito liyenera kutsitsidwa kufika pa 3.8V pa selo. Mukalisunga lodzaza kwa masabata, makamaka potentha, limatupa. Mukalimwetsa mpaka kutsika pa 3.0V, selo imawonongeka osabwereranso. Mu Okutobala, batire losiyidwa m'galimoto yotseka magalasi kapena m'kontena yachitsulo masana limapsa lisanauluke. Lotupa lisaikidwenso m'ndege, ngakhale likuoneka kuti likugwirabe moto, chifukwa limatha kuzima ndege ili m'mwamba kapena kuyaka pa tchaja. Malo ake ndi bokosi lachitsulo, pa simenti, pambali pali ndowa ya mchenga, m'chipinda chozizira chomwe sichikhudzana khoma ndi mosungira zipolopolo kapena mafuta. Lililonse likhale ndi nambala yolembedwa ndi penti, ndi tsamba lake m'buku: tsiku, mphindi zomwe lauluka, ndi kusiyana kwa maselo ake. Maselo akayamba kusiyana ndi 0.1V batire lili lodzaza, lichotsedwe pa ntchito ya usiku.

Dera lathu nalo lili ndi zake. Kasungu ndi Mchinji zili pamtunda woposa mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mpweya wa pamtunda wotere ndi wopepuka ndi gawo limodzi mwa khumi. Kukatentha umapepukiratu. Mapulopela amayenera kuzungulira kwambiri kuti anyamule kulemera komweko, mota imatentha, batire limatha msanga. Fumbi la chilimwe limalowa m'mabeyaring'i a mota ndi m'kachitsulo kogwedeza kamera. Mankhwala ake ndi otchipa: lona ya mamita awiri mbali zonse yonyamukirapo ndi kuterapo, ndi kabulashi kopukutira ulendo ukatha. Mwera wa Juni mpaka Ogasiti ndiye umataya ndege zambiri m'manja mwa woyendetsa wachilendo. Amanyamuka mphepo ili kumbuyo, ndege imathamanga, iye n'kumasangalala kuti yafika kutali. Pobwerera ikulimbana ndi mphepo, liwiro latsika ndi theka, moto watha isanafike. Lamulo ndi lakuti popita muzilimbana ndi mphepo, pobwerera ikukankheni.

Kamera ya usiku anthu amaikhulupirira kuposa muyeso. Kamerayi siona munthu, imaona kusiyana kwa kutentha. Cha m'ma 3 koloko mbandakucha, nthaka itazizira, munthu woyenda pa dambo amaoneka bwino lomwe, ndipo moto wa opha nyama omwe akuwamba nyama pakati pa nkhalango umaonekera kutali. Koma m'chilimwe dzuwa likangolowa, miyala ndi zulu zimakhala zikadali zotentha, ndipo sikirini imadzaza ndi madontho oyera omwe woyang'ana wotopa amawayesa anthu. Mvula ikagwa, mitengo ya miombo imatseka masamba pamwamba, ndipo woyenda pansi pake amabisika. Msampha wa waya, womwe umapha nyama zambiri mwakachetechete, kamera iliyonse siingauone. Umafuna mlonda woyenda pansi. Ndipo ngakhale kamera itaona munthu bwinobwino atakwera njinga ndi thumba kumbuyo, siingakuuzeni ngati akuzembetsa feteleza kapena akupita ku chigayo.

Apa ndi pomwe ndimasiyana kwambiri ndi okonda makina. Malire a Mchinji ndi Chipata adadula mtundu umodzi pakati. Achewa a kuno amapita ku Mkaika ku Katete chaka ndi chaka mu Ogasiti ku mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Alipo a munda tsidya lino, manda a makolo tsidya lija. Maliro, ukwati, chipatala, msika, zonsezi zimawolotsa anthu tsiku lililonse m'tinjira tomwe sitidutsa pa chipata cha Mwami, ngakhale kuti chipata chatsopano chophatikiza maofesi a maiko awiriwa chidatsegulidwa mu Disembala 2022. Mwa anthu onse omwe droni ingaone usiku, ochuluka zedi ndi oterewa. Oopsa enieni ndi ochepa, ndipo sayenda ndi njinga. Mitembo pafupifupi 30 yomwe idapezeka m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba mu Okutobala 2022, ya anthu omwe amaganiziridwa kuti adachokera ku Ethiopia, idaonetsa mtundu wa malonda omwe akuyenda m'misewu yathu. Amene amadziwa kuti lole yachilendo yaima pati, kapena kuti m'mudzi mwagona alendo onyamula mfuti, ndi a mfumu, akabaza, alonda a nkhalango ndi achitetezo cha m'mudzi. Droni iuluke pomwe uthenga wotere waloza, kwa ola limodzi kapena awiri. Ikatero mabatire asanu ndi atatu aja atha chaka.

Kuona n'kumodzi, kufika n'kwina. Gulu loyenda pansi usiku m'tchire limayenda makilomita atatu kapena anayi pa ola. Chinthu chikaoneka pa makilomita 7, afika patatha maola awiri, droni itatera kalekale. Choncho pa droni iliyonse pafunika njinga zamoto ziwiri kapena zitatu zokhala ndi mafuta ake osungidwa padera, ndi gulu lomwe laikidwa kale pafupi ndi njira yomwe ikukayikiridwa ndege isananyamuke. Pafunikanso wailesi. Aliyense wokhala m'mbali mwa malire akudziwa kuti foni imatha kulumphira yokha pa netiweki ya ku Zambia kapena kusowa netiweki kumene. Asilikali, apolisi ndi alonda a nkhalango akhale ndi mawailesi a VHF omwe angamvane, otseka mawu kuti wina asamvetsere, ndi chida chokweza uthenga pamwamba pa phiri chokhala ndi sola yakeyake. Nayo droni imalankhula ndi woyendetsa wake m'mzere wowongoka. Pa bokosi alemba makilomita 15, koma woyendetsa akaima pakati pa mitengo pa malo athyathyathya, chithunzi chimayamba kudukaduka pa makilomita atatu kapena asanu. Akwere pa chitunda, kapena eriyo ikwezedwe pa mlongoti wa mamita khumi.

Pali kanthu kena komwe kamasokoneza ngakhale odziwa. Mapu akale a dziko lino a 1:50,000 adajambulidwa pa muyeso wa Arc 1950, pomwe GPS ya droni imawerenga pa WGS 84. Woyendetsa akatchula nambala za pa sikirini, wapansi n'kuzifuna pa pepala lakale osatembenuza, amaphonya ndi mamita mazana awiri kapena atatu. Pakati pa nkhalango kumeneko n'kutaya nthawi chabe. M'mbali mwa malire, ndiye kuti msilikali wonyamula mfuti waponda m'dziko la eni. Onse agwiritse muyeso umodzi, ndipo droni iikiridwe mpanda wa m'kompyuta woiletsa kuyandikira mzere wa malire kuposa mamita 500, pokhapokha pali mgwirizano ndi anzathu a ku Zambia. Njira yokambirana ilipo kale: maiko awiriwa ali ndi komiti yokhazikika ya zachitetezo, ndipo mu 2015 adasainirana pangano losamalira limodzi nkhalango za m'malire, kuphatikizapo Kasungu ndi Lukusuzi.

Ena akuti tisataye nthawi ndi tindege tating'ono, tigule zazikulu zonyamula mabomba ngati Bayraktar TB2 ya ku Turkey, yomwe maiko monga Ethiopia, Mali ndi Burkina Faso adagula. Maiko amenewo ali pa nkhondo. Ndegeyo ili ndi mapiko a mamita 12, imafuna bwalo lonyamukira, nyumba yoyendetsera ndi gulu lalikulu la akatswiri, ndipo mtengo wake ndi mamiliyoni a madola. Ife bomba tikaponya pa yani ku Kapiri? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chomwe chingatithandize pa mtunda wautali ndi droni ya mapiko owongoka yomwe imanyamuka choimirira, yopanda chida chilichonse. Ya batire imakhala m'mwamba ola ndi theka kapena maola awiri, ndipo imatha kuyendera mpanda wamagetsi wa kum'mawa kwa nkhalango n'kuona pomwe waduka. Chiyambire 2022, pomwe njovu 263 zidasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kubwera ku Kasungu, anthu a m'midzi yozungulira ataya mbewu, ena ataya miyoyo. Kwa mlimi wa kwa Chulu, kudziwa madzulo kuti gulu la njovu layandikira mpanda ndi chitetezo chenicheni kuposa ndege iliyonse yankhondo.

Ndege yomweyo ndi imene ingatumikire pa madzi osefukira. Namondwe Freddy atagunda mu Malichi 2023, tidadalira mahelikoputa a ku Tanzania ndi Zambia kuti tifikire anthu odulidwa misewu. Helikoputa imadya ndalama zambiri pa ola lililonse, ndipo si yoti izizungulira kufunafuna. Droni ipite patsogolo, ione mlatho womwe wakokoloka pa Bua, pa Rusa kapena pa Dwangwa, iwerenge madenga omwe pali anthu, kenako helikoputa kapena boti lipite molunjika. Gawo 160 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa asilikali ntchito yothandiza boma ndi luso lawo pa nthawi ya ngozi, choncho apa palibe chachilendo.

Chomwe chimandipweteka n'chakuti Kasungu ali ndi chiyambi chomwe maboma ena alibe. Mu Juni 2017 boma ndi UNICEF adatsegula malo oyesera madroni pa bwalo la ndege la Kasungu, otambalala makilomita 40 mbali zonse, oyamba a mtundu wake mu Africa muno. Mu 2020 kudatsegulidwa sukulu ya African Drone and Data Academy, ndipo achinyamata a Chimalawi aphunzira kumanga, kuyendetsa ndi kukonza ndegezi. M'boma la Kasungu lomweli mulinso asilikali a zomangamanga. Malo oyesera aja adakhazikitsidwira ntchito zothandiza anthu, monga kunyamula mankhwala ndi kujambula madzi osefukira, ndipo asasandutsidwe bwalo la asilikali, chifukwa anthu a m'midzi adavomereza ndegezo atauzidwa ntchito yake. Koma luso lomwe lidatuluka mmenemo ndi la dziko. Asilikali alembe ena mwa achinyamatawa ngati akatswiri, m'malo modikira munthu wa kampani yogulitsa kuti akwere ndege kuchokera kunja kudzasintha mota.

Mantha a anthu pa nkhani yozondedwa ndi oona, ndipo asapeputsidwe. Akuluakulu a kuno akukumbukira nthawi ya apayoniya, omwe asilikali adawalanda zida mu Disembala 1993 pa Operation Bwezani. Kamera yomwe lero ikusaka opha njovu, mawa wina akhoza kuilozetsa pa msonkhano wa chipani chotsutsa. Choncho lamulo litsogole: ulendo uliwonse ulembedwe, ndani walamula, chifukwa chiyani, ndege yadutsa kuti. Zithunzi zomwe sizikukhudza mlandu zifufutidwe pakatha masiku owerengeka, ndinganene 30. Kumanga munthu ikhalebe ntchito ya apolisi, a zolowa ndi kutuluka, a MRA ndi alonda a nkhalango, msilikali awapatse maso basi. A mfumu auzidwe kuti ndege iziuluka m'dera lawo, ngakhale osauzidwa tsiku. Ndipo komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona zachitetezo ikhale ndi mphamvu yotsegula buku la maulendowo nthawi iliyonse.

Pogula, kontirakiti ikhale ya zaka zitatu, osati ya tsiku limodzi. Droni iliyonse ibwere ndi mabatire asanu ndi atatu ndi lonjezo lolembedwa la ena chaka chilichonse pa mtengo wokhazikika, mapulopela osachepera mapeya 20, mota zapadera, matchaja awiri, ndi sola yokwanira. Sola ya 400W imapereka pafupifupi 2 kWh pa tsiku la dzuwa labwino, zomwe zingadzaze mabatire a 100 Wh osaposa 20, choncho ziwiri ndi batire lalikulu losungira moto zikwanira gulu limodzi popanda kudalira ESCOM. Mtundu ukhale umodzi. Abwenzi akunja akafuna kutipatsa mphatso, tiwauze mtundu womwe tili nawo, chifukwa madroni asanu a makampani asanu ndi mabatire asanu osalowana, matchaja asanu ndi maphunziro asanu. Wogula afunsenso ngati ndegeyo ingauluke popanda intaneti ndi popanda kulowa mu akaunti ya kampani yopanga, ndi komwe zithunzi zake zimapita. Chida cha asilikali chomwe chingatsekedwe ndi munthu wokhala kunja kwa dziko si chathu.

Tiyambe ndi magulu awiri okha, lina ku Kasungu kumbali ya nkhalango, lina ku Mchinji cha ku Mkanda. Lililonse likhale ndi anthu asanu ndi mmodzi: oyendetsa awiri, oyang'ana sikirini awiri osinthana mphindi 30 zilizonse chifukwa maso amatopa, wokonza mmodzi, ndi mtsogoleri wogwira wailesi. Anthuwa asasamutsidwe kwa zaka zitatu, poti woyendetsa wophunzitsidwa akatumizidwa kwina miyezi isanu ndi umodzi isanathe, ndalama ya maphunziro ake yapita. Magulu awiriwa agwire ntchito miyezi 12, kuti adutse m'dzinja, m'mwera ndi m'chilimwe, ndipo mwezi uliwonse alembe zinthu zinayi: masiku omwe ndege inali yokonzeka kuuluka, maulendo omwe adalephereka ndi chifukwa chake, mphindi zomwe zidapita kuchokera pomwe chinthu chaoneka kufika pomwe gulu lapansi lafika, ndi ndalama zomwe ola limodzi la m'mwamba ladya. Aphungu a Kasungu ndi Mchinji aitanitse manambala amenewa ku komiti ya zachitetezo, ndipo gulu lachitatu lisavomerezedwe mu bajeti mpaka atawaona.